Musagule khadi yachiwiri, yomwe ilipoyo ikukwanira

Achimwene, mwafunsa ngati muyenera kugula network card ina, khadi yolumikizira kompyuta pa netiweki, kuti kompyuta ya m'shopu mwanu ku Kamwala izitha kuona makamera a Hikvision uku ikugwirabe intaneti ya pa rauta ya Huawei. Ndalamayo sungani. Khadi imodzi imanyamula ma IP address, manambala odziwira chipangizo pa netiweki, angapo nthawi imodzi, pa Windows ngakhalenso pa Linux.

Chikuchitika n'chakuti rauta yanu ili pa 192.168.8.1, pomwe kamera ya Hikvision imatuluka m'katoni ili pa 192.168.1.64. Subnet mask ikakhala 255.255.255.0, manambala atatu oyambawo ndi dzina la mudzi, yomalizayo ndi nyumba. Tsono ngakhale mawaya onse alowa mu switch imodzi, kabokosi kokumaniramo mawaya a netiweki, timagetsi tikuthwanima bwinobwino, kompyuta imayesa kamerayo ndi ya mudzi wina. Uthenga imaupereka kwa rauta, rauta nayo njira siidziwa, basi uthengawo n'kusowa.

Khadi ili ndi MAC address imodzi yokha, nambala yake yochokera kufakitale, koma IP ili ngati dzina loitanira. Munthu amavomera akaitanidwa dzina lake, amavomeranso akaitanidwa ndi mfunda wake, koma munthuyo ndi yemweyo. Chipangizo chikafunsa pa waya kudzera mu ARP, njira imene zipangizo zimafunsirana, mwini adiresi yakutiyakuti ndani, khadi yanu imayankha pa dzina lililonse limene mwaipatsa.

Musanakhudze kanthu, tsegulani cmd, windo lolembamo malamulo pa Windows, lembani ipconfig /all, mukopere papepala adiresi, gateway (adiresi ya rauta yotulukira pa intaneti) ndi DNS (yomasulira mayina a mawebusayiti kukhala manambala). Kenako lembani ncpa.cpl, pitani pa Properties za Ethernet, mulowe mu Internet Protocol Version 4. Sankhani kulemba adiresi pamanja, muikemo zija mwakoperazi. Mukadina Advanced mupeza Add, ikani 192.168.1.10 ndi 255.255.255.0. Add ameneyu sadinika khadi ikadali pa DHCP, kutanthauza kuti ikulandira adiresi yokha kuchokera kwa rauta, ndipo ambiri amagwidwa pamenepa. Mukatero lembani ping 192.168.1.64 mu cmd kuti muone ngati kamera ikuyankha. Ndi bwinonso kulowa mu rauta n'kusungitsa adiresi yoyamba ija, kuopa kuti tsiku lina ingadzaipereke kwa foni ya kasitomala, ziwirizo n'kumalimbirana.

Apa ndiye ndikupemphani mumvetsetse: gateway ikhale imodzi, 192.168.8.1 yokhayo. Adiresi yachiwiri siifuna gateway chifukwa makamera ali pa waya womwewo. Ndinaitanidwa pa loji ina ku Chilenje komwe wina anaikamo gateway ziwiri, yachiwiriyo ikuloza kumene kulibe rauta n'komwe. Intaneti imabwera, imapita. Mayi wa pa reception ndinamupeza atatopa, alendo ali pamzere ndi zikwama, mwini loji akukalipira kampani ya intaneti yosalakwa. Nditangofufuta mzere umodziwo zonse zinakhala m'malo. Zinandiwawa chifukwa anali atagula kale rauta yatsopano pachabe.

Kwa anzathu a Linux, lamulo ndi ip addr add 192.168.1.10/24 dev eth0, kungosintha eth0 kukhala dzina la khadi yanu. Koma imeneyi imafufutika kompyuta ikazima, ndipo magetsi athu muno mu Lusaka mukuwadziwa. Kuti isafufutike, ilembeni mu netplan, mosungira makonzedwe a netiweki, ngati muli pa Ubuntu 18.04 kapena yatsopano, apo ayi mu NetworkManager. Njira zakale zoonjezera adiresi ndi eth0:0 ndi ifconfig zisiyeni.

Musayembekezere kuti liwiro liwonjezeka. Waya ndi womwewo, khadi ya 100 Mbps ikhalabe ya 100. Komanso ichi si chitetezo. Aliyense wolumikiza laputopu pa switch yanu akhoza kudziikira 192.168.1.20 n'kufika pa makamerawo. Mukafuna kuwalekanitsadi ndi Wi-Fi ya makasitomala, pafunika VLAN, yogawa netiweki imodzi m'zigawo, ndi managed switch, switch yotha kukonzedwa motero, ndipo ndalama ya khadi ija ikanapita kumeneko.

Mwanena kuti makamera ndi anayi. Onsewo abwera ndi 192.168.1.64 yomweyo, choncho musawalumikize pamodzi. Lumikizani imodzi, ipatseni password yolimba, isintheni ikhale 192.168.1.71, kenako yotsatira 72, mpaka yomaliza. Chitani zimenezi ali patebulo, musanakwere makwerero, ndipo mulembe nambalayo ndi marker kunsi kwa kamera iliyonse.