Kwa mng'ono wanga wa ku Katete amene afuna PhD ya za ubongo

Imelo yako inalowa Lachiwiri usiku magetsi atathima, ndinaiwerenga batire ili pa 9 pelesenti ndipo tulo tinatha. Wati unamaliza digiri ya saikoloje, ufuna kukachita PhD ya behavioral neuroscience (maphunziro a momwe ubongo umayendetsera zochita za nyama ndi anthu) kunja, sunagwirepo khoswe wa mu labu olo kamodzi, ndiye ukufunsa ngati mu statement of purpose, kalata yaikulu ija yofotokozera sukulu chifukwa chake ufuna maphunzirowo, ulembe za umphawi umene unakuliramo kuti mwina akumvere chisoni. Apo pomalizapo ndi pamene pandilasa, chifukwa ine ndinachita zomwezo ndendende.

Chaka changa choyamba ndinalembera maprofesa 23, imelo imodzimodzi, kumangosintha dzina pamwamba, nditakhala mu kaintaneti kafe kena kufupi ndi msika wa Kapata ku Chipata komwe kompyuta inali kuzima yokha munthu akagunda thebulo. Anayankha mmodzi chabe, mzere umodzi, ati labu yake imafufuza za tulo ta tintchentche tija timazungulira nthochi zakupsa, nanga ine ndalemba za kuiwala kwa nkhalamba bwanji. Manyazi ake! Sindinawerengeko pepala lake ngakhale limodzi. Kalata yanga yaikulu inali masamba awiri a momwe ndinali kuyendera wapansi kusukulu, amama kugulitsa vitumbuwa, zonse zoona ndithu, koma panalibe mzere wonena chimene ndifuna kudziwa chokhudza ubongo. Amalume anagulitsa mbuzi ziwiri kuti ndilipire mafomu. Pofika Malichi onse anali atandikana, ndipo amalume mpaka lero akaledzera amafunsa kuti mbuzi zawo zinamaliza maphunziro liti.

Chomwe chimandiwawa ndi chakuti nkhani yabwino ndinali nayo kale m'manja. Agogo aamuna anali katswiri wokumba mbewa tikatha kukolola, amangoyang'ana una n'kukuuza kuti muli mbewa kapena inasamuka, ndipo asanayambe kukumba amayamba atseka kabowo kothawirako. Ndinali kuchita manyazi kutchula mbewa kwa azungu, si mudziwa momwe a ku Lusaka amatisekera ife akum'mawa. Koma kuyang'anitsitsa chimene nyama ichita ndiye theka la maphunziro amenewa, theka linalo ndi kufunsa kuti m'mutu mwake mukuchitika chiyani. Mbewa imadziwa bwanji njira yobwerera kuuna usiku? John O'Keefe mu 1971 ku London anapeza maselo mu hippocampus (gawo la ubongo lothandiza kukumbukira) ya khoswe amene amayaka pokhapokha khosweyo akafika pamalo enaake, ndipo mu 2014 analandira Nobel limodzi ndi May-Britt Moser ndi Edvard Moser. Funso la agogo lomwelija. Ndipo bwampini amene ife timangomuona ngati ndiwo, ku Morogoro ku Tanzania a bungwe la APOPO amamuphunzitsa kununkhiza mabomba okwiriridwa pansi ndi TB m'makhololo, akapeza amamupatsa kanthochi. Ndikanalemba zimenezi.

Ndiye ayi, za umphawi usalembe. Poyamba ndimafuna kunena kuti ikako ndime imodzi koma ndasintha maganizo ndili mkati molemba, mzere umodzi wakwana. Anthu amene awerenga kalatayo akufuna munthu woti akhale naye mu labu zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, woti makoswe akakana kuchita zimene amayembekezera abwerenso mawa lake kudzayambanso. Chisoni chimatha msanga, pa Loweruka lachitatu loyeza makoswe akusambira m'madzi kufunafuna kapulatifomu kobisika palibe amene akukumbuka kuti unayenda wopanda nsapato.

Komanso iwe uli ku Katete! Ukudziwa masese a m'nyama ya nkhumba. Nyongolotsi yake ndi Taenia solium, munthu akadya nyama ya masese yosapsa bwino imakula m'matumbo, mazira ake amatuluka ndi chimbudzi, wina akawameza kudzera m'madzi kapena m'manja osasamba timatumba tija timatha kukamera mu ubongo, n'kuyamba kugwa khunyu. Kwathu timathamangira kunena kuti amulodza. Ofufuza akhala akugwira ntchito imeneyi m'midzi ya ku Katete, Sinda ndi Petauke kwa zaka zambiri, ndipo ntchito zotere zimafuna munthu wodziwa Chichewa woti afunse mafunso, alembe mayankho bwinobwino, alowetse mu kompyuta. Ine chaka chachiwiri ndinapita kukapempha ntchito yotere, miyezi isanu ndi itatu pa njinga, ndalama yake yongogulira sopo ndi thokotaimu, koma amene anali kutiyang'anira ndiye anandilembera kalata yonena zimene anandiona ndikuchita ndi maso ake. Kalata ya alekichala oti anakuona kumbuyo kwa kalasi ya anthu 200 siifanana nayo.

Ndiye uchite chiyani

Ku America masukulu ambiri amatseka mafomu chakumayambiriro kwa Disembala, amafuna makalata atatu okuchitira umboni, mathiransikiripiti, ndipo ena mayeso a Chingerezi a TOEFL kapena IELTS, mayeso olowera a GRE ambiri anawasiya koma yang'ana sukulu iliyonse payokha. Pempha fee waiver, kuti akukhululukire ndalama ya fomu, usanagulitsitse mbuzi za munthu. PhD yabwino imakulipirira fizi n'kumakupatsa stipend (ndalama yokhalira), akati ulipire wekha isiye. Sankha malabu asanu kapena asanu ndi limodzi, werenga mapepala awiri a profesa aliyense, mulembere ndime zitatu zazifupi zokhala ndi funso lenileni. Ngati ukuona kuti sunakonzeke yamba ndi masitazi, a Beit Trust ndi a Commonwealth amathandiza a ku Zambia ndi masikolashipu, ndipo mabungwe a IBRO ndi TReND in Africa amachititsa timakosi tafupi ta neuroscience muno mu Africa momwe. Phunzira R kapena Python, zilankhulo za kompyuta zosanthulira manambala, laputopu yakale imakwana.

Mainterview ambiri amagwa mu Januwale ndi Febuluwale, mvula ili pakati, netiweki ikuvuta. Yanga inagwera sabata ya mwambo wa Angoni wa Nc'wala, tauni yonse phokoso, ndinachitira m'galimoto ya mnzanga titaimika pamtunda chakumapiri uko, foni nditaitsamiritsa pa sitiyaringi. Yesa malo ako kukali sabata yathunthu. Ndipo unditumizire kalatayo ukalemba, koma ndikapeza vitumbuwa mu ndime yoyamba ndikubwezera.