Funsani Achipatala: Munthu wosamva chisoni akalakwa, ndi matenda kapena mwano?

Mwana wanga ali ndi zaka 26. Anayamba kuba ali Sitandade 6, sukulu anamuchotsa chifukwa cha ndewu, kupolisi wagonako kangapo. Posachedwapa wagulitsa feteleza wa bambo ake, titamufunsa anangoseka. Namwino wina anatchula antisocial personality disorder. Kodi ndi misala, kapena anamulodza? — Mayi wa ku Chilomoni

Mayi, pepani ndi mtolo mwasenzawu. Munthu sayezedwa pa kalata, koma zimene mwalembazi zikufanana ndi vuto limene namwinoyo anatchula. Si misala yomva mawu kapena kuvula pagulu ija. Wodwalayo mutu wake umagwira bwinobwino, amadziwa kuti kuba n'kulakwa, kungoti kulira kwa mnzake sikumukhudza. Si ufitinso, ndiye mbuzi zanu zisathere kwa asing'anga.

Buku la DSM-5, limene madokotala a zamaganizo amatsatira, lili ndi zizindikiro 7 za vutoli, ndipo munthu apezeke ndi zosachepera 3: kuphwanya malamulo mobwerezabwereza, bodza ndi chinyengo, kuchita zinthu mopupuluma, ukali ndi ndewu, kusasamala moyo wake kapena wa ena, kulephera kusunga ntchito ndi kubweza ngongole, komanso kusamva chisoni akalakwira munthu. Akhale atakwana zaka 18, ndipo khalidweli likhale loti linayamba asanafike zaka 15.

Mfundo ya zaka 15 imeneyi anthu amaidumpha. Munthu amene anali wofatsa mpaka zaka 30 n'kusintha mwadzidzidzi, dokotala amayamba wafufuza zina: kuvulala m'mutu pangozi, chamba, kachasu, bipolar (matenda osinthasintha pakati pa kusangalala mopitirira muyeso ndi kukhumudwa kwambiri), kapena matenda ofika ku ubongo. Zambiri mwa izi zili ndi mankhwala ake, n'chifukwa chake kukayezetsa kuli kofunika.

Vutoli limagwira amuna kwambiri kuposa akazi. Limadza pamene chibadwa chakumana ndi ubwana wowawa, monga kumenyedwa, kutayiriridwa kapena kukulira pakhomo pa uchidakwa, ngakhale limapezekanso m'mabanja olongosoka. Pitani naye mwana wanuyo ku Queens mukafunse kiliniki ya matenda a maganizo. Mupite inuyo amene munamulera, chifukwa iye payekha akafotokoza zokomera iye basi.

Amuna anga anapezeka ndi vutoli. Kodi pali mapiritsi kapena jekeseni? Akaledzera amandimenya, m'mawa n'kumandinyengerera. Ankhoswe akuti ndipirire. — Mayi wa ku Kasungu

Mapiritsi ochiza vutoli palibe, ndipo wokulonjezani otero akungofuna ndalama zanu. Mankhwala amaperekedwa pa mavuto oyenda nalo limodzi, monga fluoxetine ngati munthuyo ali ndi matenda okhumudwa. Musawagulire diazepam kuti azigona: amazolowereka msanga, ena amawawonjezera ukali, ndipo akasakanikirana ndi mowa angathe kupha.

Chithandizo chenicheni n'chokambirana ndi katswiri, makamaka njira ya CBT yothandiza munthu kusintha maganizo ndi zochita zake, nthawi zambiri pagulu, sabata ndi sabata kwa miyezi. Katswiri amatenga ndewu imodzi n'kuiphwanya pang'onopang'ono. Chinayambitsa n'chiyani? Mtima unayamba kugunda liti, zibakera zinakungidwa liti? Anaganiza chiyani, kuti mkaziyu akundiderera? Ndi pati pamene akanatha kutuluka panja? Akatero amayeserera njira ina mpaka ilowe m'magazi.

Zimakanika pati? Ambiri saona kuti ali ndi vuto, amabwera atakakamizidwa ndi khoti kapena mkazi, n'kusiyira panjira. Ena amakhala okoma pakamwa moti amapusitsa ngakhale mlangizi. Kuwalalikira za chifundo sikuphula kanthu. Chimene chimawagwira n'chowapindulira iwo eni, monga kusabwerera kundende kapena kusunga ntchito. Ndipo mowa ndiwo uyambe kuthetsedwa, apo ayi zonse n'zachabe. Amene amamwa tsiku lililonse asasiye mwadzidzidzi payekha, angathe kukomoka ngati wakhunyu. Namwino wa matenda a maganizo pachipatala cha boma chachikulu kwanuko angawathandize kapena kuwatumiza ku St John of God ku Lilongwe kapena Mzuzu, ngakhale ku Zomba Mental Hospital. Kwa ambiri ndewu ndi umbava zimachepa akapitirira zaka 40, koma bodza ndi kuuma mtima zimachedwa kutha.

Tsono za kupirira, ife sitikugwirizana ndi ankhoswewo. Matendawa sachotsa mlandu. Kanenenni ku Victim Support Unit kupolisi. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limapatsa majisitireti mphamvu yokulemberani chikalata chokutetezani. Mukamenyedwa pitani kuchipatala mabala alembedwe m'buku. Pini ya ndalama za pafoni ikhale yanu nokha, ndipo konzeranitu kothawira ndi ana usiku. Uphungu wokhala nonse awiri m'chipinda chimodzi si wabwino nkhanza zisanathe, chifukwa zimene munganene kumeneko mukazilipira kunyumba. Achibale nawo agwirizane chimodzi: osawabwezera ngongole, osawanamira kupolisi.

Ndili ndi mnyamata wa zaka 9 m'kalasi amene amazunza amphaka, kuba ndi kumenya anzake. Chikwapu sichikuthandiza. Ndi vuto lomweli? — Mphunzitsi wa ku Dedza

Aphunzitsi, mwana sapatsidwa dzina limeneli. Pa msinkhu wake timati conduct disorder, kutanthauza vuto la khalidwe mwa ana, ndipo ambiri mwa ana otere sakula n'kukhala ndi vuto la akuluakululi. Apa ndi pamene thandizo limagwira ntchito kwambiri. Chikwapu chisiyeni, chimangomuphunzitsa kuti wamphamvu ndiye wolamula. Khalani pansi ndi makolo musankhe malamulo awiri kapena atatu okha, ofanana kusukulu ndi kunyumba. Akachita bwino muyamikireni pomwepo, motchula chimene wachita. Akalakwa, chilango chikhale chaching'ono, cha tsiku lomwelo, chosasinthasintha, monga kusasewera mpira madzulowo. Achipatala amuyezenso ADHD, vuto lolephera kukhazikika ndi kuika maganizo pa chinthu chimodzi. Ndipo fufuzani mwakachetechete za kunyumba kwake. Mukaona zipsera kapena akamaopa kuweruka, dziwitsani a ofesi yosamalira anthu m'boma lanu.