Kodi Mulungu amatikonda kapena amatikondera?

Mayi wina wa Chigwirizano ku Mchinji walemba kuti gulu lawo likufuna kusindikiza mawu pa nsalu ya msonkhano wa amayi, ndipo chiganizo chimene anagwirizana ndi ichi: "Mulungu amatikondera tonse mosaganizira maonekedwe, msinkhu kapena mavuto athu, ndipo amativomereza." Akuti anzawo ena akuona kuti chiganizochi sichikumveka bwino, koma akulephera kuloza pamene palakwika.

Mayi, makutu a anzanuwo sanawanamize, ndipo vuto lalikulu lili pa mneni woyamba. Kukonda ndi kukondera ndi mawu a tsinde limodzi, koma kukondera ndi kupatula munthu mmodzi n'kumuchitira zabwino zimene ena akumanidwa, monga timadandaulira kuti mfumu yakondera pogamula mlandu wa malire a munda. Motero palibe amene angakondere onse, pakuti kukondera kumafuna kuti wina atsalire. Chimene inu mukufuna kunena ndi chija ananena Petro m'nyumba ya Korneliyo ku Kaisareya, pa Machitidwe 10:34, kuti Mulungu alibe tsankho. Ndikudziwa kuti pochitira umboni m'tchalitchi, munthu amene wachira kapena amene mwana wake wakhoza mayeso amati "Mulungu wandikondera". Sindimutsutsa, chifukwa akudzichepetsa, akunena kuti walandira zimene sanaziyenere. Koma mukangoikapo "tonse", mneniwo sugwiranso ntchito, ndipo muyenera kulemba kuti amatikonda.

Mawu akuti "mosaganizira" ndi oopsa kuposa mmene akuonekera. Tikamati bwana uyu ndi wosaganizira antchito ake, timatanthauza kuti salabadira za iwo. Ndiye mayi wamasiye akawerenga pa nsalu yanu kuti Mulungu amatikonda mosaganizira mavuto athu, akhoza kumva kuti mavuto akewo Mulungu alibe nawo ntchito, zomwe ndi zosemphana kwathunthu ndi uthenga wanu. Lembani "posatengera". Palinso "posayang'ana", amene amagwirizana bwino ndi maonekedwe, chifukwa pa 1 Samueli 16:7, pamene mneneri Samueli anatengeka ndi Eliabu, mwana woyamba wa Jese, anauzidwa kuti munthu amayang'ana zooneka ndi maso koma Mulungu amayang'ana mumtima. Komabe poti mwandandalika zinthu zingapo, "posatengera" ndiye akuzinyamula zonse.

Mawu akuti "msinkhu" musawasinthe, chifukwa akukuchitirani ntchito ziwiri. Timati ana a msinkhu umodzi ponena za zaka, ndipo timatinso munthu wamfupi msinkhu ponena za thupi, monga Buku Lopatulika la 1922 limamufotokozera Zakeyo pa Luka 19. Mukadalemba "zaka", mukadataya tanthauzo lachiwirilo. Pa "mavuto athu" ndikadakonda "mmene zinthu zilili pa moyo wathu", kuti wolemera ndi wathanzi asadzione ngati uthengawo suwakhudza.

Tsono kuvomereza timavomereza mlandu, pempho kapena ukwati, ndipo mawuwa amamveka ngati munthu wayamba wayesedwa kenako n'kudindidwa chidindo. Munthu timamulandira, monga Aroma 15:7 akutiuza kuti tizilandirana monga Khristu anatilandira. Chiganizo chanu chikhale chotere: "Mulungu amatikonda tonse ndipo amatilandira, posatengera maonekedwe, msinkhu kapena mmene zinthu zilili pa moyo wathu."

Funso lachiwiri lachokera kwa bambo wina, mkulu wa mpingo ku Zomba, amene akuti atalalikira kuti "Mulungu amakonda ngakhale nkhalamba, opunduka ndi anapweri", ena anakhumudwa, ndipo akufunsa ngati mawuwa sali Chichewa cholondola.

Bambo, ndi Chichewa ndithu, koma kulondola kwa mawu sikutanthauza kuti ndi oyenera pa guwa. Mawu akuti "napweri" ndi onyoza, ndipo anthu amene amatchulidwa motero akhala akuwakana poyera. Masiku ano timati anthu achialubino. "Opunduka" mudzawapeza m'Baibulo lakale, monga pa Luka 14:13 pamene Yesu akutchula oyenera kuitanidwa kuphwando, ndipo powerenga ndimeyo muwerenge mmene yalembedwera. Koma poyankhula m'mawu anuanu nenani kuti anthu aulumali, monga zimamvekera pa wailesi ndi m'mabungwe a eni akewo, chifukwa mukatero mwayamba ndi munthu, ulumaliwo n'kubwera pambuyo. "Nkhalamba" si chipongwe nthawi zonse, koma tamverani mmene amagwirizanira ndi mneni: timati nkhalamba yafika, nkhalamba zafika, mofanana ndi mmene timanenera za mbuzi kapena nyumba. Pamaso pa eni ake, amene akhala pa benchi lakutsogolo, mwana wolereka amati agogo athu, achikulire kapena okalamba, ndipo mneni amakhala waulemu: afika.

Ngakhale mutasintha mayina onsewo, ndikuganiza kuti chimene chinapweteka anthu kwambiri ndi mawu akuti "ngakhale". Tikamati chakudyachi ngakhale galu sangadye, galuyo tamuika pansi pa onse. Chimodzimodzinso, mukanena kuti Mulungu amakonda ngakhale okalamba, mukuuza mpingo kuti n'zodabwitsa kuti iwowa akukondedwa, ngati kuti achinyamata ndi amphamvu ndiwo anali oyenera chikondicho poyamba. Chotsani "ngakhale" ndipo muwaike onse pa mzere umodzi: Mulungu amakonda ana ndi akulu, aulumali ndi opanda ulumali, olemera ndi osauka. Mukafuna kugwiritsa ntchito "ngakhale", mulozetse kwa inu eni ndi kwa mpingo wonse, monga kunena kuti amatikonda ngakhale tili ochimwa, pakuti pamenepo mlaliki ali m'gulu limodzi ndi omvera ake.