Mwana amaphunzirira kumbuyo ndi pamiyendo

Mdzukulu wanga wa ku Bvumbwe, wafunsa ngati chidole cha mabatire, chowala ndi choyimba, chingamutsegule nzeru mwana wako wa miyezi itatu. Chidolecho chisiye kaye. Ukadafunsa kuti pa tsiku mwanayo amakhala nthawi yotalika bwanji pathupi pako.

Khanda limayamba kumva mawu a mayi likadali m'mimba. Maso ndiwo amachedwa. Likangobadwa limaona bwino chinthu chimene chili masentimita 20 mpaka 30, mtunda wochokera pabere kufika pankhope yako. Ndiye poyamwitsa, mawu ako, milomo yako, fungo la mkaka ndi kufunda kwa khungu zimamufikira pamodzi, iye n'kumazindikira pang'onopang'ono kuti zonsezi n'za munthu mmodzi. Tsono maso ako akakhala pafoni, mwanayo akungoona chibwano.

Kale mayi ankasinja mwana ali kumbuyo. Munsi ukagunda mumtondo, khutu limamva, thupi n'kugwedezeka nthawi yomweyo, nyimbo ikumvekera pamsana pa mayi. Kumtsinje, kunkhuni, pokwera ndi potsika zitunda za kuno, mwana kumbuyo komweko. Mkati mwa khutu muli tiziwalo tomva kupendekeka kwa mutu, ndipo timazolowera kugwirizana ndi maso mwana akamayenda nawe. Madzulo azakhali ankamulandira, kumukhazika pamiyendo moyang'anizana, kumuvinitsa, akati "aguu" iwonso n'kumuyankha. Chigayo chinalanda ntchito ya mtondo, palibe wodandaula, koma ana ena masiku ano akuswera pamphasa, wailesi ikulongolola yokha.

Pomubereka pamsinkhu uwu, chitenje chikwere mpaka kuseri kwa mutu chifukwa khosi silinalimbe. Mphuno ikhale poyera, chibwano chisatsamire pachifuwa chake. Ukamutsitsa, thira njere khumi za nandolo m'kabotolo, utseke zolimba kuti asadzameze, uzikagwedeza chakumbali kwa khutu iye asakukaona, kenako ukabweretse pamaso. Pofika miyezi inayi kapena isanu azitembenukira komwe kalira, kutambasula dzanja, kugwira, n'kupititsa kukamwa. Usamulande, ungokatsuka ndi sopo, chifukwa ndi kukamwa komweko kumene amadziwira kuuma ndi kusalala kwa chimene maso aona. Chinthu choti chingalowe chonse m'kamwa, monga ndalama yachitsulo kapena kabatire kakang'ono, chikhale kutali.

A bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO amati mwana wosakwana chaka asamaonetsedwe foni kapena TV, ndipo pamenepa ndikugwirizana nawo. Usade nkhawa akachedwerako pang'ono, ana amasiyana changu. Koma akafika miyezi 6 osatembenukira mawu, kapena diso limodzi likupenyerabe kumbali, kapenanso khutu likatuluka mafinya nthawi ina iliyonse, pita naye kuchipatala, usadikire tsiku la sikelo.