Mwana wathu wa Fomu 4 wasintha, bambo ake akuti ndi ulesi

Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Kasungu. Woyamba ndi mnyamata wa zaka 17, ali Fomu 4 pa sukulu ina yogonera konko ndipo MSCE alemba chaka chomwechino. Mwanayu chiyambire anali wanzeru, wokonda mpira, woseketsa pakhomo, koma holide yapitayi anabwera ngati munthu wina. Amangodzitsekera kuchipinda, nsima ntanda umodzi osamaliza, usiku ndikadzuka ndimamupeza ali maso akungoyang'ana kudenga, anzake akabwera kudzamutenga amati mukawauze kuti ndachoka. Mayeso a moko sanakhoze bwino ndiye bambo ake anamukalipira pamaso pa azing'ono ake kuti fodya yense wa chaka chatha anathera pa fizi yako, ukadzabwera ndi mapointi opitilira 20 usadzaponde pakhomo pano. Ndikawauza kuti mwanayu sali bwino amati ndi ulesi, ndine ndikumusasatitsa, mwamuna salira. Apongozi nawo akuti alipo wamuchita chipongwe chifukwa cha nsanje, tipite naye kwa sing'anga. Chomwe chikundisowetsa tulo ndi chakuti tsiku lobwerera ku sukulu ndikumulongedzera chikwama anati, "Amayi, bola ine kukanakhala kulibe, bwenzi mukupuma." Panopa ine ndi amuna anga sitikulankhulana bwino. Nditani?

Mayi wodandaula, Kasungu

Mayi anzanga,

Ndiyambe ndi mawu omwe mwana wanu ananena pa chikwama paja, chifukwa zina zonsezi zitha kudikira koma amenewo ayi. Mwana akanena kuti bola kukanakhala kulibe, musati akungofuna kukumvetsani chisoni. Musadikire tsiku loyendera ana, musadalirenso foni ya apatironi yomwe mwana amayankha anthu ali pambali akumvetsera, nkumangoti ndili bwino amayi. Kwerani minibasi mawa lomwe mupite konko, mupemphe ahedi akupatseni mwana wanu, mukhale naye awiri pansi pa mtengo kuseli kwa hositelo uko, mumugulire kaya fanta ndi sikono, ndipo mumufunse mosazungulira: mwanawe, mawu aja unanena aja, kodi ukuganiza zodzipha? Ndikudziwa kuti pakamwa pamalemera, ambiri timaopa kuti tikatchula ndiye tamupatsa nzeru, koma madokotala a maganizo amanenetsa kuti kufunsa sikumuika munthu maganizo amenewo, m'malo mwake amapepukidwa kuti wina waona. Akayamba kulira musamutontholetse msanga, musamuuzenso kuti ena akuvutika kuposa iye. Ingomverani.

Akati eya, kapena akangozyolika osayankha, musamusiye kumeneko. Mutengeni mupite naye ku chipatala cha boma, munene kuti mukufuna kuonana ndi a zamaganizo. Kulinso St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu komwe kuli alangizi a ntchito yomweyi, ndipo nambala ya 116 ya Tithandizane Helpline, yomwe amayendetsa a YONECO, ndi yaulere, mutha kuimba inuyo kapena mwanayo. Kunyumba kwa mlimi wa fodya sikusowa mankhwala a mbozi ndi a makoswe, amenewo muwachotse kapena muwakiyire mwanayo asanafike. Ndipo pepani, kuonana ndi a zamaganizo si ndiye kuti mwana wanu wachita misala ayi, anthu akangomva choncho amathamangira kuganiza za ku Zomba Mental. Kusagona, kusadya, kusiya mpira womwe amaukonda, kuthawa anzake, zikapitilira masabata awiri zimakhala zizindikiro za matenda omwe achipatala amati depression, ndipo amachizika, ena ndi uphungu wokha ena ndi mankhwala.

Mukafika ku sukuluko musangofunsa ahedi okha, ahedi amadziwa mwana yemwe sanamalize fizi ndi yemwe wadumpha mpanda, zenizeni amadziwa ndi apatironi, aphunzitsi a kalasi yake komanso mnzake wogona naye bedi loyandikana. Afunseni kuti anayamba liti, ku dayining'i akupita? Ku prepu akuwerenga kapena amangotsegula kope nkuliyang'ana mpaka belu? Mwina pali zina zomwe simukuzidziwa, kunyozedwa ndi anzake, chibwenzi chomwe chatha, ngongole ya beting'i pa foni, chamba, kapena mphunzitsi wina amene amawerenga malikisi mokweza nkumaseketsa kalasi yonse ndi dzina la mwana. Khalidwe limenelo limandinyansa ine, ndipo makolo tikamakumana ku PTA timangokamba za kukwera kwa fizi ndi nyemba zofumbwa, osafunsako kuti kodi mwana akapanikizika pasukulu pano amapita kwa ndani. Musachokeko musanagwirizane ndi mphunzitsi mmodzi yemwe mwanayo amamasuka naye, mutengane manambala, azimuyang'anira.

Tsopano za bambo akunyumbawo. Sindikufuna muwaone ngati chilombo, munthu yemwe wapindira msana pa nazale, kuthyola, kusoka mpaka kudinda mabelo, ndalama yonse nkupita ku sukulu, mantha ake ndi omveka, kungoti amatuluka ngati ukali. Koma mwana sanamve mantha, anamva kuti ndine ngongole pakhomo pano, nchifukwa chake akuti mukanapuma. Musakambe nawo nkhaniyi pa nsima ana ali pomwepo kapena atangofika kumene atatopa. Kuchipinda, muwauze mawu a mwanayo ndendende mmene anawanenera, osawonjezera, osati onani zomwe mwachita. Muwakumbutsenso kuti malipoti a apolisi chaka ndi chaka amaonetsa kuti mwa anthu odzipha m'Malawi muno ochuluka kwambiri ndi amuna, omwewo tinawaphunzitsa kuti salira. Akakanika, itanani ankhoswe, kapena malume ake a mwanayo, kapena mkulu wa mpingo yemwe amamumvera. Chomwe mukufuna kwa iwo ndi chimodzi, abweze mawu aja ndi pakamwa pawo, amuuze mwana kuti ukhoze usakhoze pano ndi kwanu.

Pajatu MSCE si imfa. MANEB imalola munthu kulembanso, ndi angati omwe anabwereza pa open school nkutsitsa mapointi mpaka kusankhidwa ku yunivesite? Ngati adokotala ati apume kaye, apume, ngakhale zitatanthauza kulemba chaka chamawa. Fizi ya temu imodzi ipweteka, inde, sindikukana.

Apongoziwo musalimbane nawo, nawonso ndi chikondi chomwecho pa mdzukulu wawo. Muwauze kuti amayi tamva, ife tayamba kaye ku chipatala, inu muzimupempherera. Chomwe ndikukaniza ndi kumuzunguza mwana kwa asing'anga nkumuuza kuti azakhali ake kapena aneba ndi amene amulodza, munthu yemwe sakugona kale ndiye muzimuwonjezera adani oti aziwaopa usiku. Mukabwerako ku sukuluko mundilemberenso, ndikufuna ndimve zomwe wayankha.

Azakhali anu