Galu amasambira, koma m'boti akweranso bwanji?

Mayi, mwafunsa ngati galu wanu wa makilogalamu 25, amene mukuti amasambira bwino, akufunikiradi jekete yoyandamitsa pa ulendo wokasangalala pa boti la injini, komanso zomwe mungakonzekere poti kadzakhala koyamba kukwera. Ena akuyankhani kale kuti galu amabadwa akudziwa kusambira, ndiye musadzivutitse. Ine yankho limenelo sindikugwirizana nalo.

Pa boti, kusambira galu amatha ndithu. Chomwe satha ndi kukweranso. Akagwera m'madzi, m'mbali mwa boti ndi moterera, poponda palibe, ndipo makwerero omwe anthufe timakwerera iye sawatha. Amangopalasa, zikhadabo zikukanda boti, mutu uli m'mwamba, kumbuyoku kukumira. Thupi likaima chilili m'madzi chonchi, galu amatopa msanga kwambiri kuposa pamene akusambira kulunjika kumtunda. Inu muli pamwamba, mwawerama, mukusowa pogwira. Ubweya wanyowa, khungu likuterera. Mukakoka lamba wa m'khosi mumutsamwitsa, apo ayi lambayo avuka n'kukutsalirani m'manja. Galu wonyowa wa makilogalamu 25, wamantha, akuphiriphitha, si katundu wonyamula ndi dzanja limodzi. Jekete ya galu ili ndi chogwirira pamsana, ndipo chomwe mukugula kwenikweni ndi chogwirira chimenecho. Kuyandamitsako kumathandiza kuti akhale ndi mphamvu mpaka mum'fikire.

Komanso si agalu onse amasambira bwino. A mphuno zophwatalala ndi chifuwa cholemera, monga bulldog ndi pug, amamira mosavuta chifukwa kuti mphuno ikhale pamwamba pa madzi amayenera kupendeketsa mutu kwambiri. A miyendo yaifupi ndi thupi lalitali, monga dachshund ndi basset hound, nawonso amavutika. Ngakhale Labrador, amene amakonda madzi kwadzaoneni, amatopa pamafunde, makamaka akakhala wokalamba, wonenepa kapena wa nyamakazi.

Jeketeyo musagule mongoyerekeza ndi kulemera kwa galu. Tengani tepi, muyeze kuzungulira chifuwa pamalo otakata kwambiri, kuseri kwa miyendo yakutsogolo. Muyezenso khosi, ndi msana kuchokera patsinde pa khosi kukafika poyambira mchira. Muyezo wofunika kwambiri pa itatuyi ndi wa chifuwa. Mukamuveka, zala ziwiri zizilowa pansi pa lamba aliyense. Zikalowa zinayi ndiye kuti yakhwepa, galu adzavukamo. Ikakana ngakhale chala chimodzi, idzamupanikiza kupuma ndi kumusupula m'khwapa. Kenako muyeseni muli kunyumba: gwirani chogwirira, mumunyamule pang'ono chabe. Ayenera kukwera thupi lili lolingana, osati mutu kuzondoka kapena jekete kukwera n'kumuphimba makutu. Sankhani yokhala ndi malamba otakata pansi pa mimba, ndi kapilo pansi pa chibwano kothandiza kuti mphuno isamire akatopa. Mtundu ukhale wowala, wachikasu kapena wa olenji. Mutu wa galu wakuda pakati pa mafunde, pamtunda wa mamita ochepa chabe, suoneka. Asanaone n'komwe boti, avale jeketeyo kangapo pakhomo, kenako asambire nayo pamadzi osaya.

Tsopano nkhani ya chingwe, pomwe anthu ambiri a zolinga zabwino amalakwitsa. Amamangirira galu ndi chingwe chachitali pa lamba wa m'khosi poganiza kuti amuteteza. Galu aona mbalame, adumpha, ndiye atsala ali lende m'mbali mwa boti, khosi lili pachingwe, kapena akukokedwa m'madzi kufupi ndi pulopela, chitsulo chozungulira cha injini chomwe chimakankha boti. Ngati mukumumangirira, mangani pa lamba wa pachifuwa kapena pa mphete ya pajekete, ndipo chingwe chifupike moti asathe kufika m'mphepete n'kuponya thupi kunja. Chingwe cha pakatikati, chomulola kudumpha koma osamulola kusambira, ndicho choopsa kuposa zonse. M'bwato lopalasa kapena kayak musamumangirire n'komwe, chifukwa likagubuduka chingwe chimamusunga pansi pake. Mmenemo azikhala pansi, pakati pa miyendo yanu.

Ulendo weniweni usakhale tsiku lake loyamba. Poyamba mupite naye boti lili lomangirira padoko, injini yozimitsa. Anunkhize paliponse, akhale mphindi 10 kapena 15, mumupatse kachakudya komwe amakonda, mubwerere. Tsiku lina lizani injini boti lili pomwepo, muone momwe akuchitira ndi phokoso komanso kunjenjemera kwa pansi. Akakhazikika, yendani naye mphindi 20 kapena 30 pamadzi abata, pang'onopang'ono. Mawu atatu ayenera kuwamvera musananyamuke: khala, dikira, bwera. "Dikira" ndiye wofunika kwambiri, chifukwa nthawi yoopsa ndi pamene boti likuyandikira doko. Galu waona mtunda, mtima uli dyokodyoko, adumpha msanga n'kugwera pampata wa pakati pa boti ndi doko, pomwe angapanidwe. Lamulo likhale loti iye amakwera ndi kutsika pokhapokha boti litamangidwa, inu mutamuuza.

Mumukonzere malo akeake m'boti: pansi, chapakati, pamthunzi, pomwe boti siligwedezeka kwambiri. Yalani mphasa ya labala yosaterera. Galu amene mapazi ake akuterera sakhazikika, ndipo mantha ambiri a agalu pa boti amachokera pamenepa. Kutsogolo kwenikweni, komwe amakonda kukaima mphepo ikumuomba, musamulole boti likuyenda. Funde limodzi limamuponya, ndipo akagwa kuchokera kutsogolo boti limamudutsa pamwamba. Zikhadabo muwengeretu kutatsala masiku angapo, makamaka ngati boti lanu ndi lopopa. Kumbukiraninso kuti makilogalamu ake amawerengedwa pa katundu amene boti limaloledwa kunyamula.

Akagwera m'madzi, aliyense adziwiretu chochita. Munthu mmodzi afuule, aloze galuyo ndi dzanja, ndipo asachotse maso ngakhale kamphindi. Woyendetsa achepetse liwiro, apinde chiwongolero kumbali komwe galu wagwera kuti kumbuyo kwa boti, komwe kuli pulopela, kutalikirane naye. Zungulirani, mumuyandikire pang'onopang'ono mutalunjika komwe kukuchokera mphepo, kuti boti likhale losavuta kuimitsa. Mukafika pafupi zimitsani injini, chifukwa galu amasambira kulondola mawu anu ndipo akhoza kuzungulira kumbuyo. Gwadani, musaimirire, gwirani chogwirira, dzanja linalo lilowe pansi pa mimba kapena kumbuyo kwa ntchafu, mumukokere mkati. Ena onse asathamangire mbali imodzi, boti laling'ono lingapendekeke. Ndipo chonde musadumphire m'madzi kukamutenga. Galu wamantha amakwera pa chilichonse choyandama, ndipo chimenecho chidzakhala mutu wanu. Izi muziyeserere kamodzi pamadzi osaya, tsiku labata. Mukaona kuti simungathe kumunyamula, pezani kathabwa kotsetsereka kopangira agalu, komwe amakoleka kumbuyo kwa boti likaima.

Kutentha ndiko kumapweteka agalu mwakachetechete, chifukwa kamphepo ka pamadzi kamatinamiza anthufe kuti kunja kuli bwino. Galu satuluka thukuta thupi lonse ngati ife. Amadziziziritsa ndi kupuma wefuwefu, ndipo jekete imawonjezera kutentha. Thupi lake likakhala bwino limatentha madigiri 38 mpaka 39 ndi pang'ono. Likafika 41, ziwalo za m'kati zimayamba kuwonongeka. Yang'anirani lilime lotuluka kwambiri ndi lotambasuka, dovu lonanda, nkhama zofiira kwambiri, kudzandira, kusanza, kusakumverani mukamuitana. Mukaona zimenezi muikeni pamthunzi, muvuleni jekete, mumuthire madzi ozizira thupi lonse, makamaka pamimba ndi m'mphechepeche, mphepo izimuomba. Musamufunditse thaulo yonyowa, imatsekera kutentha m'kati. Yambani kumuziziritsa pompo, uku mukubwerera kumtunda kukaonana ndi dokotala wa ziweto, ngakhale ataoneka kuti watsitsimuka, chifukwa kuwonongeka kwa impso kumadzaonekera pambuyo pake. Pansi pa boti napo pamawotcha, makamaka pa aluminiyamu kapena pa utoto wakuda. Ikanipo kuseri kwa dzanja lanu masekondi 7. Mukalephera kupirira, mapazi ake apsa. Galu woyera, wa ubweya wochepa, amapsanso ndi dzuwa pamphuno, nsonga za makutu ndi pamimba. Mupakeni mafuta oteteza ku dzuwa opangira agalu. Ambiri opangira anthu amakhala ndi zinc oxide, yomwe imamudwalitsa akanyambita.

Madzi akumwa mutenge kunyumba. Galu amamwa pafupifupi mamililita 50 mpaka 60 pa kilogalamu iliyonse patsiku, kutanthauza kuti wanuyo amafuna pafupifupi lita imodzi ndi theka pa tsiku wamba. Pa boti, padzuwa, mutengereni malita 3, ndi mbale yosagubuduka, ndipo muzimupatsa pang'onopang'ono mphindi 30 zilizonse osadikira kuti apemphe. Galu waludzu amamwa madzi omwe akuwaona. Akakhala amchere, amatsegula m'mimba ndi kusanza, ndipo akamwa ambiri mchere umachuluka m'magazi mpaka kunjenjemera ndi kukomoka. Akakhala opanda mchere, choopsa ndi ndere zina zobiriwira mopita ku buluu, zomwe zimaoneka ngati utoto wotayikira pamwamba pa madzi odikha, makamaka nyengo yotentha. Zina mwa izo zili ndi poizoni wowononga chiwindi kapena mitsempha, ndipo zimatha kupha galu m'maola ochepa. Ndi maso simungasiyanitse zapoizoni ndi zabwinobwino. Madzi akaoneka choncho asalowemo, ndipo akalowa mwangozi musambitseni msanga asanadzinyambite. Palinso vuto lina lomwe ambiri salidziwa: galu amene akungotola mpira m'madzi mobwerezabwereza, kukamwa kuli yasa, amameza madzi ochuluka mpaka mchere wa m'magazi umasungunuka kwambiri. Mimba imatupa, amafooka, amadzandira, maso amachita tuu. Masewera otere azikhala a mphindi 10 kapena 15, kenako apume.

Za nseru sindichulukitsa. Zizindikiro zimayamba asanasanze: kuyasamula pafupipafupi, kunyambita milomo, dovu, kulira chapansipansi. Ana agalu ndiwo amavutika kwambiri chifukwa mbali ya m'kati mwa khutu yothandiza kuti thupi lisapendekeke imakhala isanakhwime. Musamudyetse kwambiri kutatsala maola atatu kapena anayi kuti munyamuke. Ngati amasanza ngakhale m'galimoto, funsani dokotala wa ziweto za mankhwala a maropitant, omwe amamwetsa kutatsala maola awiri. Mankhwala anu a ululu, monga ibuprofen, musamupatse. Amawononga m'mimba ndi impso za galu.

Ngati pa botipo padzakhala owedza, mbedza ndi nyambo zikhale m'bokosi lotseka. Galu amanunkhiza nyambo n'kumeza ndi mbedza yomwe. Zikatero musakoke chingwe cha mbedzayo, mbedza ingang'ambe kum'mero. Dulani chingwecho kusiya kachidutswa kotalikirapo kunja kwa kamwa, mukamangirire pa lamba wake kuti asakameze, muthamangire kwa dokotala. Madzi osonkhana pansi pa boti amakhala osakanikirana ndi mafuta, ndiye asanyambite. Asagonenso kufupi ndi potulukira utsi wa injini, chifukwa mpweya wa carbon monoxide sununkha ndipo umaunjikana kumbuyo kwa boti likaima injini ikulira.

Kumene kuli ng'ona kapena mvuu, galu asasambire, asasewere m'mphepete mwa madzi, asalendewetsenso mutu kunja kwa boti. Kukula kwake ndi kuphiriphitha kwake m'madzi n'zomwe ng'ona imasaka. Apa jekete sithandiza chilichonse. Funsani oyang'anira malowo musanapite, mufunsenso ngati agalu amaloledwa, chifukwa m'malo ambiri otetezedwa saloledwa. Katemera wa chiwewe akhale wosatha nthawi, ndipo pa lamba wake pakhale kachitsulo kolembapo nambala ya foni yanu, poti galu wogwera m'madzi nthawi zina amakatulukira gombe lina.

Zodzithandiza: muyendetseni musanakwere, ndipo konzani ulendo woti muzikocheza pakatha maola atatu kapena anayi. Agalu ambiri ozolowera ukhondo amakana kukodza m'boti, amangodzigwira mpaka kuvutika. Pa ulendo wautali, kamphasa ka udzu wapulasitiki komwe munamuzoloweza kunyumba kamathandiza. Chimbudzi chake tolani m'kajumbo mukatayire kumtunda, osati m'madzi momwe anthu akusambira.

Mukabwerako muvuleni jekete, mumutsuke ndi madzi abwino, mumupukute, makamaka m'khwapa ndi pomwe padutsa malamba, chifukwa chinyezi chikakhalitsa pamenepo pamabuka zilonda. Makutu apukuteni ndi kansalu kofewa pomwe chala chikufika, osatokosa m'kati. Agalu a makutu ogwa ndiwo amadwala kwambiri makutu akasambira, ndipo mudzazindikira ndi kupukusa mutu, kukanda ndi fungo. Mawa lake mukaona mchira uli lobodo, akulira mukaukhudza, kawirikawiri ndi minofu yatopa ndi kusambira m'madzi ozizira, ndipo umachira pakatha masiku ochepa akupuma. Koma ngati anagwera m'madzi n'kutsamwa, muyang'anireni tsiku lonse lotsatira. Akayamba kutsokomola, kupuma movutikira, kufooka, kapena nkhama kuyera kapena kuda, madzi analowa m'mapapo. Musadikire kuti kuche, pitani naye kwa dokotala wa ziweto nthawi yomweyo.