Rebore ya 4A-GE: imani pa 81.5 mm

Achimwene, mwafunsa ngati injini yanu ya Toyota 4A-GE ya 16V (mavalavu 16) ingapangidwe rebore, kutanthauza kukulitsa mabowo a masilinda, mpaka 83 mm kuti iwonjezere mphamvu, komanso mapisitoni oti mugule poti mtsogolomu mukufuna kuika turbo. Pa 83 musafikepo. Injiniyi inabwera ndi bore (kukula kwa bowo la silinda) ya 81 mm ndi stroke (mtunda umene pisitoni imayenda) ya 77 mm, ndiye 1587 cc. Pa 81.5 mupeza pafupifupi 1607 cc, pa 82 ndi 1627. Ma cc 20 amenewo phazi lanu silingawamve n'komwe. Ntchito ya rebore ndi kuchotsa mikwingwirima ndi kubwezeretsa silinda yakutha kuti ikhalenso yozungulira bwino. Mukakulitsa kwambiri, khoma la silinda limapyapyala n'kumapindika pa boost (mpweya wopanikizidwa ndi turbo), maringi amasiya kutseka, kenako mng'alu, madzi n'kulowa mu oyilo.

Musanagule kanthu, onani buloko yanu. Zakale za 3-rib (zokhala ndi nthiti zitatu zolimbitsa kunja kwa buloko) zili ndi pini ya pisitoni ya 18 mm, pomwe za 7-rib zambiri ndi 20 mm, ndipo ya 7-rib ndiyo yolimba pa turbo. Yezani pini yanuyo, chifukwa mainjiniwa adutsa m'manja ambiri. Mapisitoni a 4A-GE ya 20V (mavalavu 20) musawatenge ngakhale atatchipa, malo a mavalavu ndi osiyana.

Injini ya tsiku ndi tsiku yopanda turbo, pisitoni ya cast (youmbidwa m'chikombole) ya oversize 0.50 mm, ndiye ya 81.5 ija, ikukwanira. Ya turbo pamafunika forged (yosulidwa), compression ya 8.5 mpaka 9.0:1 ngati mumathira petulo wapampu. Forged ilipo mitundu iwiri. Ya 4032 ili ndi silicon wambiri, siifufuma kwambiri ikatentha, ndiye clearance yake (mpata pakati pa pisitoni ndi khoma) imakhala cha m'ma 0.05 mpaka 0.07 mm, sichita phokoso. Ya 2618 imapirira detonation (kuphulika kosalongosoka kwa mafuta mu silinda) koma imafufuma kwambiri, imafuna cha m'ma 0.08 mpaka 0.10 mm, ndipo m'mawa imagogoda pang'ono mpaka injini itenthe. Kugogodako si vuto. Vuto ndi wamakina amene wazolowera cast n'kuipanikiza forged pa 0.03 mm: ikangotentha imagwira khoma n'kukanda skirt (mbali yam'munsi ya pisitoni) yonse. Nambala yeniyeni ndi imene ili papepala lobwera ndi mapisitoniwo.

Yambani mwagula mapisitoni, muwapereke limodzi ndi buloko. Iliyonse iyezedwe ndi micrometer pa skirt, mopingasa ndi pini, silinda iliyonse ikhale ndi pisitoni yakeyake. Honing (kusalaza komaliza kwa silinda) ichitike atamanga torque plate, chitsulo chomangidwa m'malo mwa hedi, chifukwa mabawuti a hedi amakoka silinda n'kuisintha mawonekedwe. Ngati mwakakamirabe 82, khoma liyezedwe kaye ndi sonic tester, chida choyezera kuchindikala kwake.

Maringi nawo ambiri amangovekera momwe abwerera. Lowetsani iliyonse mu silinda, muikankhe ndi pisitoni kuti iwongoke, muyeze mpata wa pakati pa nsonga zake ndi feeler gauge (timasamba tachitsulo toyezera mpata). Pa 81.5 mpata wa ringi yapamwamba ukhale cha m'ma 0.37 mm popanda turbo, 0.45 mm ndi turbo, wa ringi yachiwiri ukulepo pang'ono. Mpata ukachepa, nsonga zimakumana zikatentha n'kuthyola ring land (kakhoma ka pisitoni kogwira ringi).

Gasiketi ya hedi ikhale ndi bowo lokulirapo kuposa bore. Buloko ikachoka kumakina muitsuke ndi madzi otentha a sopo ndi bulashi mpaka kansalu koyera katuluke kopanda zakuda, muiumitse, mupake oyilo nthawi yomweyo. Petulo kapena palafini sachotsa mchenga wa honing, ndipo wotsalawo umadya maringi atsopano ndi mabeyaringi omwe.